Mutu 7: Kendrell Asiya Njira ya Kunja

1. Kukhota ngati basi

Ku Harlow Creek kunalibe munthu wosadziwa kuti Kendrell Pettway amathamanga. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wa miyendo yowonda, ndipo pa mipikisano ya liwiro ya masukulu a m'dera lawo ku Alabama ankasiya anzake ngati angoima. Koma pa nkhani ya mpira wa ku America, umene osewera amavala zisoti n'kumaponyerana mpirawo ndi manja, anali mlendo. Chisoti anayamba kuvala chaka chomwecho.

Amene anamukokera m'timu anali Quentin Mabry, woponya mpira wa sukuluyo, yemwe anali m'chaka chake chomaliza. Awiriwa anakulira mumsewu umodzi, ndipo amayi awo ankagwira ntchito moyandikana kufakitale yokonza milamba. Quentin anamunyengerera tchuthi chonse. Ankati iye dzanja ali nalo koma alibe munthu woti alithamangire, ndipo akaphatikiza dzanja lake ndi miyendo ya Kendrell, onse awiri adzatuluka m'tauniyo kudzera pakhomo la koleji.

Kendrell anavomera poganiza kuti ntchito ya wowakha mpira ndi yosavuta: kuthamanga, kusiya wokulondera m'mbuyo, n'kuwakha. Sabata yoyamba yomwe anazindikira kuti sizili choncho. Wowakha aliyense amapatsidwa njira yake mpira usanayambe kuyenda, ndipo njirazo zili ndi mayina. Pali yobwerera, pali yopingasa, pali yautali imene umangowongola mpaka kumzere wa zigoli. Ndiye pali ya kunja: kuthamanga mayadi khumi, kenaka kukhota mwadzidzidzi kulunjika kumzere wa m'mbali. Imeneyi ndiyo Kendrell ankadana nayo, ndipo imeneyi ndiyo ankapatsidwa tsiku ndi tsiku.

Wophunzitsa owakha anali a Kochi Rawlins, bambo wachikulire wotsimphina, amene anaphunzitsapo ngakhale makolo a ena mwa anyamatawo. Lachitatu masana, kunja kukutentha koopsa, anamuyang'ana Kendrell akuthamanga ya kunja, kenaka anaimba wezulo.

"Bwera kuno, mnyamata iwe. Vula chisoti undimve bwino," anatero. "Liwiro uli nalo, palibe akukana. Koma ukamanyamuka pamzere umayamba wabwerera m'mbuyo ngati ukufuna kudumpha ngalande. Mwendo wakutsogolowo ndiwo uzikukankha. Ukanyamuka, thamanga ngati ukupita kutali nthawi zonse, kaya ukhota pafupi kaya patali, wokulonderayo asadziwe. Iwe usanafike n'komwe pokhotera, chifuwa wadzutsa kale, mapazi wafupikitsa kale, maso ali kale kumene ukupita. Ngakhale mayi a kunyumba kwanga atavala chisoti angadziwe kumene ukulowera. Maso ako akhale pa munthuyo, pamphuno pake penipeni. Ukafika pokhotera, tsitsa chiuno, chifuwa chikhale pamwamba pa mawondo, ponda phazi limodzi molimba ngati ukupha kangaude, ndiye tembenuka kamodzi kokha. Ndikufuna ngodya. Iwe umakhota mozungulira ngati basi ya sukulu. Mutu utembenuke msanga, manja atuluke, mpira uwakhe ndi zala, osati ndi chifuwa. Ndipo mpira ukakhala m'mwamba usaudikire, pita ukauchingamire."

Anyamata ena anaseka za basi ija. Kendrell anayankha chapansipansi kuti ngakhale akhote motero, womulonderayo akumusiya ndithu.

"Ukusiya mnzako amene mawa mukhala naye m'kalasi," anatero a Rawlins. "Bwereza."

Anabwereza mpaka miyendo inayamba kunjenjemera.

M'mawa uliwonse sukulu isanayambe, iye ndi Quentin ankakumana pakabwalo ka kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko kunalibe wezulo. Quentin ankaponya mpira Kendrell asanatembenuke, ndipo masiku oyamba mpirawo unkamufikira kumutu. Pang'onopang'ono anayamba kugwirizana. Phazi likamaponda pansi, mpira unali utachoka kale m'manja mwa Quentin, ndipo mutu ukamatembenuka, mpirawo unali utafika.

A Rawlins anawalola chinthu chimodzi chokha. Quentin akaona kuti wolondera wayandikira kwambiri, ankaloledwa kugogoda chisoti chake asanalandire mpira, kutanthauza kuti Kendrell asiye njira imene wapatsidwa, apite yautali. Chizindikirocho chinali cha woponya yekha. Masewero anayamba, milungu inadutsa, koma Quentin anali asanagogodepo chisoti.

2. Kushopu yometera

Lachisanu nkhani inali itafalikira tauni yonse kuti koleji ina ikutumiza munthu wake kudzaonera masewero a Loweruka, pofuna osewera oti iwatenge n'kuwalipirira maphunziro. Magetsi a pabwalo anawonongeka ndi mphepo yamkuntho, choncho chaka chimenecho ankasewera masana. Aliyense ankadziwa kuti mlendoyo akudzera Quentin.

Ataweruka kusukulu, Kendrell analowa m'shopu yometera ya amalume ake a Vernon. Munali modzaza ngati Lachisanu lililonse, azibambo ena odikira kumeta, ena ongodzacheza. Atangokhala pampando, bambo wina amene ankayendetsa lole ya thonje anayamba.

"Mwana wa Loretta uyu ndimamumvera chisoni," anatero. "Amanyamuka ngati chipolopolo, kungothamanga pang'ono n'kukhota ngati wakumbukira kuti wasiya madzi akuwira kunyumba."

Shopu yonse inafa nacho chikhakhali. A Vernon sanaseke. Anamukulunga nsalu m'khosi mphwawoyo, n'kuyamba kumeta akulankhula pafupi ndi khutu lake. Anati iwonso masiku awo ankathamanga, ndipo a Rawlins omwewo ndi amene anawakwirira ndi tinjira ta ana. Anati anthu a koleji sayenda mtunda wonsewo kudzaona munthu akuwakha mpira pafupi ngati akulandira mbale patebulo.

"Akukusandutsa wonyamula chikwama cha Quentin, mphwanga," anatero. "Iye aoneke wanzeru, iwe uoneke wamba. Mawa munthu uja akhala pabwalo tsiku limodzi lokha. Ukaona mpata, yatsa moto. Akakuona uli wekhawekha kutsogolo, Quentin aponya, afune asafune. Zokalipa za Rawlins udzazimvera kukoleji."

Potuluka, Kendrell anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Kunyumba anapeza mayi ake, a Loretta, akukazinga nsomba, yunifolomu ya kuntchito isanavulidwe. Atakhala patebulo, anawafotokozera zimene amalume ananena, akuzikometsera pang'ono. Mayiwo anamusiya amalize, kenaka anaika foloko pansi.

"Vernon ndi mlongo wanga ndipo ndimamukonda," anatero, "koma pakamwa pake pacheka anthu ambiri kuposa lumo lake. Ankathamangadi ngati iwe. Koma aliyense womuuza chochita ankati ndi wansanje. Aphunzitsi ansanje, akochi ansanje, abusa ansanje. Lero amakhala m'shopu muja kuuza ana a eni mmene angakhalire akuluakulu. Ine za mpira wanuwo sindizidziwa, ndimangoona mukugundana. Chimene ndikudziwa n'choti Corinne, mayi ake a Quentin, sabata ino yonse pantchito akungokamba za mawa. Mwana uja ndiye woyamba m'banja mwawo amene koleji yamutumizira munthu. Iwe udakali ndi nthawi, iye Loweruka lina ngati limeneli alibe. Ukachite zimene akuuza, umuthandize mnzako aoneke. Ndipo usamandiyang'ane choncho ndikamalankhula."

"Ndamva, Amayi," anatero Kendrell, maso ali m'mbale.

3. Loweruka masana

M'chipinda chovalira, masewero asanayambe, a Rawlins anaitana owakha onse pakona. Anatsamira khoma chifukwa cha mwendo wawo uja.

"Lero kuli mlendo, ndikudziwa kuti nonse mwamva," anatero. "Ndiye tamverani. Woponya mpira sakuonani inu. Pamaso pake pamakhala zimphona zikumuthamangira kuti zimugwetse, ndipo nthawi imene ali nayo ndi yongokwana kuphethira. Mpira amautaya m'manja inu musanakhote. Amaponyera malo, pokhulupirira kuti mwana wa munthu amene wavomera njira akapezeka pamalopo. Ukapanda kupezekapo, anthu ali pamabenchiwo sadzaona kuti iwe wasochera. Adzaona mpira ukupita popanda munthu, ndipo adzatukwana amene waponya. Ine ndakalambira pabwalo lino. Ndaona anyamata olemera miyendo akupita kukoleji chifukwa ankapezeka pamene awauza. Ndaonanso othamanga ngati mphepo amene sanapite kulikonse. Ena mwa iwo ndi amene amandimeta masiku ano."

Anyamata angapo anayang'ana Kendrell n'kubisa nkhope. Iye anamva makutu akutentha. Anavala chisoti.

Ankasewera ndi timu ya ku Coldwell. Amene anaikidwa kuti alondere Kendrell anali Bascom, mnyamata wamfupi wojintcha, wa pakamwa posatseka. Poopa liwiro, Bascom ankaima patali, ndipo njira ya kunja inkatseguka ngati chitseko chopanda loko. Kendrell ankanyamuka ngati akupita kutali, n'kutsitsa chiuno, n'kuponda, n'kutembenuka, mpira uli kale pa zala. Anatero kangapo, ndipo timu inkasuntha pang'onopang'ono. Quentin ankaponya mosaphonya. Pamabenchi, bambo wa malaya oyera amene anakhala payekha ankagwedeza mutu.

Koma amene anthu ankamuombera m'manja anali Quentin.

"Wothamanga uja ndiwe?" anafunsa Bascom ataima maso ndi maso. "Ine anandiuza kuti kuli mphenzi. Ndikungoona galu wa patcheni, akathamanga pang'ono tcheni n'kumukoka."

Popuma, Kendrell anapita kwa a Rawlins kukapempha yautali. Iwo anamuuza kuti adikire. Anati Bascom wayamba kutopa nayo ya kunja, ndipo posachedwa ayamba kuilumphira. Akadzatero iwo adzaona, ndipo yautali idzabwera pa nthawi yake.

Nthawi inapita. Masewero akuyandikira kumapeto, a Coldwell ankatsogola ndi mapointi ochepa. Mpira unali m'manja mwa Harlow Creek pakati pa bwalo, koma anatsala ndi mpata umodzi wokha woti asunthe mayadi asanu ndi atatu. Akalephera, mpira upita kwa adani. Anyamata anasonkhana mozungulira, mitu pamodzi, ndipo Quentin ananena zimene akochi atumiza. Kwa Kendrell inali ya kunja.

Pomwazikana, Kendrell anamugwira mkono. "Ameneyu ndimusiya, aise. Ndiponyere yautali."

"Akochi ati ya kunja," anayankha Quentin, thukuta likutsika m'zitsulo za chisoti. "Tipeze mayadi amenewa kaye. Ukhote pa khumi, undipeza ndafika. Wamva?"

"Ndamva."

Anakaima pamzere. Bascom anali atayandikira kuposa kale, thupi litapendekera kunja. Kendrell anaponya maso kwa Quentin kudikira kuti agogode chisoti. Quentin manja ake anali otambasula kudikira mpira, maso ali pa zimphona za kutsogolo kwake. Sanagogode. Pamabenchi, a Vernon anali ataimirira, akuzunguza chipewa m'mwamba kulozera kumzere wa zigoli.

Mpira unayenda. Kendrell ananyamuka bwino kuposa tsiku lina lililonse, maso ali pamphuno pa Bascom. Atafika pa mayadi khumi, chiuno chinayamba kutsika chokha monga chinazolowera. Iye anachidzutsa. Phazi lija silinaponde. Anadutsa Bascom ngati mphepo, ndipo kutsogolo kwake kunalibe munthu, udzu wokhawokha mpaka kumzere wa zigoli. Anakweza dzanja m'mwamba, n'kutembenuza mutu kufuna mpira.

M'mwamba munalibe kanthu.

Phokoso linabuka, koma linachokera kumabenchi a alendo. Quentin anali ataponya kale pamalo pamene anagwirizana. Pamalopo panalibe Kendrell woti autchinge mpirawo ndi thupi lake. Panali Bascom yekha, ndipo anauwakha ngati amuponyera dala. Tsopano ankathamanga nawo m'mbali mwa bwalo kulowera kuzigoli za Harlow Creek.

Kendrell anatembenuka n'kuyamba kuthamangitsa, koma liwiro lake lomwelo linali litamufikitsa kutali kwambiri. Amene anatsala kutsogolo kwa Bascom anali Quentin yekha. Woponya mpira saphunzitsidwa kugwetsa anthu, komabe Quentin anadziponya, phewa lamanja patsogolo. Asanamufike Bascom, chimphona china cha ku Coldwell chinamuwomba cham'mbali, ndipo onse awiri anagwera pansi, Quentin ali pansi pake.

Bascom anagoletsa. Chimphona chija chinadzuka. Quentin sanadzuke.

Kendrell atafika anapeza anthu atamuzungulira kale. Quentin anali chagada, chisoti atamuvula, mano atalumana, dzanja lamanja lili pambali ngati si lake. A Corinne anali atadumpha mpanda, nsapato imodzi itatsala kumabenchi, ndipo anagwada pa udzu akuitana dzina la mwana wawo. Pomukweza mu ambulansi, Quentin anatembenuza mutu. Maso ake anapeza Kendrell, anakhala pa iye kanthawi, kenaka chitseko chinatsekedwa.

4. Funso la a Rawlins

Harlow Creek inagonja. Anthu potuluka pageti ankalankhula mokweza, ndipo Kendrell ankamva zonse. Ena ankafunsa kuti Quentin amaponyera ndani pamenepo, udzu kapena. Ena ankati mwanayo anachita mantha ndi mlendo uja. Mayi wina anati n'zachisoni kuti wavulala, komabe wavulala pokonza zimene wawononga yekha.

A Vernon ndiwo ankamveka kuposa onse. Anamukoka Kendrell pakhosi n'kumauza aliyense kuti mphwawo anali yekhayekha, dzanja m'mwamba, ndipo ngakhale wakhungu akanamuona. Akulankhula choncho, bambo wa malaya oyera uja anaima patsogolo pawo. Anati dzina lawo ndi a Tolbert, ndipo anapereka moni wa padzanja.

Anati anabwera kudzaona Quentin, ndipo mpaka kumapeto ankasangalala naye. Koma woponya amene pa nthawi yofunika amasiya munthu ali yekha n'kuponyera mdani, iwo sangamulembere kalata yomuitanira kukoleji, ngakhale phewalo litapola. Kenaka anamuyang'ana Kendrell kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati liwiro lotero saliona kawirikawiri, ndipo chaka chamawa adzabweranso chifukwa cha iye.

"Njira ija ndi imene unapatsidwa, eti?" anafunsa.

"Nanga akanathamanga yosapatsidwa?" anayankha a Vernon msangamsanga, akuseka.

A Tolbert anatulutsa kakhadi kokhala ndi dzina lawo. Kendrell anakayang'ana, anayang'ana amalume ake, kenaka anakalandira ndi manja awiri.

M'chipinda chovalira munali zii. Anyamata ankavula mwakachetechete n'kumatuluka mmodzimmodzi. Kendrell anachedwa dala kuti atuluke yekha, koma atadzutsa mutu anapeza a Rawlins atakhala pabenchi yoyang'anana naye, chipewa chili pabondo.

Sanakalipe. Anati iwo anatumiza ya kunja, ndipo yautali anaisungira mpata wotsatira, chifukwa anaona kuti Bascom wakhwima. Anati pa nthawiyo maso awo anali pa mapazi a Kendrell, choncho sanaone zimene Quentin anachita asanalandire mpira.

"Ndiye ndikufunsa iwe," anatero. "Kodi Quentin anagogoda chisoti?"

Kakhadi kaja kanali m'sokosi, kakumubaya pakakolo. Kendrell anayang'ana pansi pa simenti.

"Anagogoda, Akochi."

"Unaona ndi maso ako?"

"Ndinaona."

A Rawlins anamuyang'anitsitsa. Kenaka anavala chipewa n'kudzuka movutikira.

"Ngati anagogoda, ndiye kuti anakutuma yautali iye n'kuponya ya kunja, ndipo cholakwa ndi chake," anatero. "Ndikauza akochi aakulu zimenezo, ndipo akafunsa a koleji tidzawauza zomwezo, chifukwa ine sindinamiza anthu. Koma ndikuuze chinthu chimodzi, mwana wa Loretta. Kuphonya njira ndi nkhani yaing'ono. Aliyense amene anavalapo chisoti anaphonyapo, ndipo Lolemba timakonza. Ndakhululukirapo anyamata ogwetsa mpira pamzere wa zigoli, ndakhululukirapo ogona pa nthawi ya masewero. Zimenezo zimatha ndi thukuta. Chimene sichitha ndi thukuta ndi kusenzetsa mnzako katundu wako iye ali gone, sangathe kudziyankhira. Munthu wotero amatha kupita kutali ndithu, ndawaonapo, ena mpaka pa wailesi yakanema. Koma woponya aliyense amene adzaime kumbuyo kwake amadzamva fungo lake, ndipo mpira umachedwa kuchoka m'manja. Sindikunena kuti ndiwe wotero. Ndikupita kuchipatala."

Anatuluka akukoka mwendo, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

5. Uthenga wa kuchipatala

Kendrell anayenda wapansi mpaka kunyumba. A Vernon anamuitanira kushopu kuti akasangalale ndi azibambo, koma iye anati mutu ukumupweteka. Kunyumba kunalibe munthu, chifukwa mayi ake anaperekeza a Corinne kuchipatala. Anakhala pakhonde osasamba, osadya, akuyang'ana magalimoto odutsa.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya mayi ake inaima pabwalo. A Loretta anatsika pang'onopang'ono ngati munthu amene wagwira ntchito masiku awiri osapuma. Sanalowe m'nyumba. Anaima pamasitepe, makiyi ali m'manja.

Anamuuza kuti phewa lathyoka moipa, ndipo madokotala achita opaleshoni Lolemba. Za kuponyanso mpira palibe dokotala amene anafuna kulonjeza. A Corinne analira mpaka mawu anatha. Anyamata a m'timu anabwera ambiri, koma Quentin anakana kuti alowe.

"A Rawlins okha ndiwo anawalola," anatero mayiwo. "Ine ndinali momwemo, ndinamva ndi makutu angawa. Anamufunsa za chisoti. Anati iwe wanena kuti anagogoda."

Kendrell anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Mwana uja anayang'ana kudenga nthawi yaitali, mpaka mayi ake anaganiza kuti mankhwala amugoneka. Kenaka anati, 'Ngati Kendrell wanena choncho, ndiye kuti ndinagogoda.' A Rawlins anamufunsanso, iye anabwereza zomwezo. Atatero anatembenukira kukhoma, ndipo sanalankhulenso ndi munthu mpaka pamene ine ndimatsanzika."

Mumsewu munadutsa ana awiri akuponyerana mpira wakutha, wina akukuwa kuti iye ndi Kendrell Pettway. A Loretta anawayang'ana mpaka anakhota pakona, kenaka anabweza maso kwa mwana wawo. Anamuyang'ana mmene ankamuyang'anira ali wamng'ono akabwera kunyumba ndi chidole chosakhala chake.

"Pali chimene ndiyenera kudziwa ndisanamve kwa anthu?" anafunsa.

Kendrell anatembenuzira nkhope kumsewu.

"Chabwino," anatero a Loretta. Anatembenuka n'kutsegulanso chitseko cha galimoto. "Quentin chakudya wakana, abusa wawakana, ngakhale mayi ake wawapempha kuti adzatuluke ukafika. Akufuna iwe wekha. Vala nsapato."